Adada agona atavala nsapato

Lachinayi, ku Msongwe. Tsiku lowawa.

Chitulukireni m'chipatala, adada akungofuna kubwerera kwathu ku Chizumulu, koma pa boti lawo la thanga basi. Sitima akana. Dokotala anandinong'oneza kuti masiku awo atsala ochepa.

Botilo likadali pamchenga ku Nkhata Bay. Ndaimbira mmisiri amene akulikonza. Akuti akachotsa thabwa lowola akupezanso lina, ndipo akamaliza liyenera kukhala kaye m'madzi kuti matabwa atupe. "Pirirani chomene, mama." Ine ndipirira, nanga chifuwa cha adada?

Phala alikana. Madzulo ano andifunsa, "Mwana wanga, mphepo ikuchokera kuti?"

Chikwama alongedza okha. Agona atavala nsapato, ndipo ndikuopa kuwavula.