Kilachi ya Pikiapu ya Bambo

Lachinayi, ku Kwekwe. Papita masiku asanu ndi anayi chiikireni bambo m'manda. Lero lapita ngati dzulo, mumtima mwangoti zii.

Loweruka ndiyenera kuwaperekeza amayi ku Lalapanzi kwa achemwali awo, koma pikiapu ya bambo sindingaikhulupirire pamsewu. Kilachi imalowa mpaka pansi ngati ukuponda siponji, ndipo giya yoyamba imakana. Nditatsegula boneti ndinapeza mafuta a mabuleki ali bii.

Nditapita kukagula mafuta atsopano, wogulitsa masipeya anandifunsa m'Chishona kuti, "DOT 3 kana DOT 4, mukoma?" Ankafunsa mtundu wa mafuta amene ndinkafuna. Zimenezi ankadziwa ndi bambo. Ndinatenga DOT 4 chifukwa akuti sawira msanga mabuleki akatentha.

Kuchotsa mpweya m'mapaipi kumafuna anthu awiri. Ndinalibe wina, ndiye amayi anakhala pampando wa dalaivala atavala zakuda zawo, ine ndinagona pansi pa galimoto ndi sipanala.

"Pompani, amayi. Gwirani pomwepo."

"Ndikudziwa," anayankha. "Zaka zonsezi ukuganiza kuti ankawapompera bambo ako ndi ndani?"

Sindinkadziwa. Tinamaliza mawilo onse anayi, kenako kilachi.

Tsopano pedulo yalimba ndipo magiya akulowa bwinobwino. Nditawauza kuti tamaliza anati zvakanaka, kutanthauza kuti zili bwino, koma sanatsike. Ndinasamba m'manja, n'kulongedza masipanala, n'kumwa tiyi. Dzuwa likulowa pano, iwo akadali m'galimotomo, manja onse ali pachiwongolero. Sindikudziwa ngati ndikawaitane kapena ndiwasiye.