Khasu la alamu pa nazale yanga

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine mtima ukutentha.

Pobwera kuntchito ku Boma ndapeza nazale yanga ya anyezi kulibe. Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikuthirira mbande zija m'mawa uliwonse, zala zitauma ndi chisanu. A Fabiyano, achimwene a mkazi wanga, azigalauza ndi khasu n'kubzalapo timitu ta anyezi togula pamsika.

"Alamu, tiudzu tanu tija timamvetsa chisoni," atero akuseka. "Zofesa njere n'za inu a madigiri. Ife timabzala chinthu chooneka ndi maso."

Mkazi wanga wangoyang'ana pansi. Ine ndati, "Zikomo, alamu." Zikomo! Nanga mkamwini angatinso chiyani? Dothi ndi lawo, mudzi ndi wawo. Bedi limodzi lokhalo la anyezi ndi limene ndimati ndiwaonetsere kuti manja angawa sadziwa cholembera chokha.

Ndinawerenga kuti timitu tikakumana ndi kuzizira kotere timathamangira kuchita maluwa, mutu osakula, ndipo anyezi wake sachedwa kuwola. Ndikufuna zichitikedi. Timitu tonse titulutse maluwa, ine ndizidzadutsa pamenepo pang'onopang'ono, iwo akundiona.

Koma a Fabiyano anayamba kulima anyezi ine ndili ku pulayimale, pamene ine ndangowerenga. Anyeziyo akakhwima bwino, mkazi wanga adzamuthira m'ndiwo, ine n'kudya, alamu akundifunsa ngati akukoma. Ndipo ndikudzidziwa, ndidzavomera.