Kompyuta ya Makaseti Yawapeza Malume

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Dubai ndilipo, sindinadwale. Mliri uja unakutenganiwu udakalipo, ndege zikuuluka mwa apo ndi apo, moti manda anu sindinawaonebe ndi maso. Maliro ndinaonera pa foni, nayonso netiweki ikudukaduka, ndinatsala pang'ono kuimenyetsa kukhoma. Mukundidziwa. Paja munkati, "Yohane, mtima wakowu ndi moto wa mapesi."

Kwathu ku Mchinji mtedza wachita bwino, koma mbuzi zinalowa kudimba n'kumaliza mpiru wonse. Mkazi wa mwana wanu Limbani wabereka mwana wamkazi, amutcha Jesinala, dzina lanu. Akuti akalira amamveka mpaka kuchigayo. Ndati watengera mwini dzina.

Kodi mukuikumbukira kompyuta ija ya makaseti? Bwana amene munkamuchapira ku Lilongwe anaisiya pobwerera kwawo, inu n'kuisenza pamutu mutaikulunga m'chitenje. Anthu ankati mwatola wailesi yakufa. Ndinkailumikiza ku TV ya aphunzitsi, kaseti ikamazungulira inkalira tswiii, inu mvekere, "Chinthu cholira ngati nkhululu chidzakudyetsa chimenechi?" Palibe anandigwira dzanja, ndinaphunzira ndekha. Lero ndimakonza mafoni ku Satwa, dera lina la Dubai, ndipo ndikudya.

Shopu itatsekedwa chifukwa cha mliri, mnzanga wa ku Pakistan anafukula kompyuta yofanana nayo m'katoni ya zotaya. Anangoti, "Yalla, tenga, ikundidyera malo." Itangolira tswiii, ndinaona chitenje chanu chija.

Pali chilankhulo china cha makompyuta chotchedwa Prolog. Makinawo suwalamula, umangowauza zoona ndi malamulo: Esnart ndi mwana wa Jesinala, mlongo wa amayi ako ndiye malume. Kenako umafunsa, iwo n'kumalondola okha. Chinalembedwera makina a mtundu wina, ndiye ndinachisamutsa mzere ndi mzere. Kakompyutaka mutu wake ndi waung'ono, kunali ngati kulongedza katundu wa banja lonse m'dengu limodzi. Ndinatukwana, koma zinatheka. Ndinachiika pa intaneti kuti aliyense wosunga makina akalewa atenge ulere, ndipo atenga anthu a m'maiko amene sindidzafikako.

Anzathu akunjawa pophunzitsa chilankhulochi amakonda chitsanzo cha ubale, koma ubale wawo ndi wosokonekera. Mwana wa malume ndi mwana wa amayi aang'ono amawaponya m'thumba limodzi. Ndinafufuta zimenezo n'kulemba zathu: wa bele limodzi ndi mlongo wako, sukwatira, koma wa kwa malume ndi msuweni. Mtundu wathu wonse ndinaulowetsamo, monga munkautchulira tikusenda mtedza pakhonde.

Tsono nkhani ndi iyi. Chisomo, mwana wa Esnart, amene ndinamupezera ntchito ku hotela ya ku Marina konkuno ku Dubai, wapeza mwamuna. Ndi Kondwani Banda wa ku Kitwe ku Zambia, koma akuti makolo ake anachokera ku Mchinji. Esnart anachita mantha kuti mwina ndi magazi amodzi. Wodziwa mizere yonse munali inu. Malume wa mwanayo ndine, mawu oti inde kapena ayi anali anga, ndipo Chisomo anasiya kudya.

Ndinafunsa makina ngati awiriwa ali pachibale. Anayankha kuti ayi. Ndinagwira foni kuti ndiuze Esnart, koma ndinakumbukira khalidwe la chilankhulochi: chilichonse chimene sunachiuze chimangoti ayi. Inu munkadana nazo zimenezo. Munkati, "Chimene sunamve sindiye kuti sichinanenedwe." Ndinabweza foni m'thumba. Ndinatsegulanso pulogalamu yonse n'kuiphunzitsa kunena kuti sindikudziwa. Mkulu wina wa ku Ulaya anandilembera kuti ndaononga chilankhulo. Ndinamuyankha kuti kwanuko ayi wabodza sapweteka munthu, kwathu amakwatitsa munthu ndi mlongo wake. Ngati sakufuna asunge chake. Koma pambuyo pake ndinaona kuti changacho anatenga.

Kondwani ali ndi azakhali ake, anamwino, amakhala ku Al Nahda, mbali ina ya mzinda uno. Kuyenderana kunali koletsedwa, ndiye tinakambirana pa vidiyo, iwo akutchula maina m'Chinyanja chawo cha ku Zambia, ine ndikulemba. Nditafunsanso, makina anaganiza mpaka tiyi wanga anazizira. Kenako analemba kuti asuweni, ndi dzina lolumikiza: Lufeyo.

Amayi, ndi a Lufeyo anu. Mlongo wanu uja anapita kumigodi inu muli mtsikana, osabweranso. Azakhaliwo anati bambo awo anali Lufeyo mwana wa Nasiketi, ndipo Nasiketi ndi agogo, munanditchulira nokha. Ndikukumbukira mmene munkaimira ndi dengu pamutu basi ya kuboda ikaima, kuyang'ana otsika mmodzimmodzi, kenako n'kuti, "Tiyeni, fumbi chabe." Malume anamwalira ku Kitwe, koma anasiya ana. Kondwani ndi mdzukulu wawo. Ubalewo wadutsira kwa mwamuna, si bele limodzi, ndiye ndavomera. Chisomo wayambanso kudya, mwinanso mopitirira.

Pomaliza ndinafunsa azakhali aja dzina lawo lenileni kuti ndilembemo, poti ndinkangowaitana kuti asisita. Anati Jesinala. Bambo awo ankati ndi dzina la mlongo wawo amene anamusiya kumudzi. Ine wolongolola uja ndinangodula vidiyo, Amayi. Ndinanamizira netiweki.

Ngati mwakumana ndi a Lufeyo kumeneko, musawakalipire kwambiri, sanakuiwaleni. Ndege zikayamba kuyenda bwino ndidzabwera kudzasesa pamanda panu, ndipo Kondwani ndidzamutenga. Tidzatsikira pa siteji yomwe ija munkaima.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa moto wa mapesi uja,
Yohane