Njerwa za Overtone Pakhwawa Lakale

Gulu: Kwathu kwa Agogo

LOWERUKA

Agogo Selestina, 7:12
🎤 Overtone mdzukulu wanga, ndi agogo ako, Mervis wandigwirira foniyi. Njerwa zosaotcha wayala pakhwawa zija uzichotse usanabwerere ku Limbe. Paja ndi njira ya madzi.

Overtone, 7:30
agogo pamenepo mpouma gwaa kkk. chibadwire sindinaonepo madzi

Agogo Selestina, 7:34
🎤 Iwe wabadwa liti? Agogo anga atangofika kuchokera ku Mozambiki ankatunga madzi pomwepo, panali mtsinje. Mzungu wa esiteti ndiye anaukhotetsa mtsinjewo pokumba msewu wa fodya. Tsono a m'tauniwa agula mapuloti kumtunda, mitengo adula, malata okhaokha. Madzi akewo alowera kuti?

Overtone, 7:41
ndi october uno agogo. ndiotcha next weekend

Agogo Selestina, 7:45
🎤 Bondo langali layamba kale kundiuza za mvula. Nanga njerwa zonsezo n'zachiyani? Ukufuna kukwatira osandiuza?

Overtone, 7:46
😂 mudzaona

LACHITATU

Mervis, 13:05
achimwene kuphiri kwada bii

Agogo Selestina, 13:20
🎤 Overtone! Yayamba. Yankha mwana iwe.

Mervis, 14:48
📷
khwawa ladzadza. zonse phala lokhalokha

Overtone, 17:32
ndinali pa shift, foni amatiletsa. zonse?

Mervis, 17:33
zonse

Overtone, 17:51
mervis plz usawauze. zinali zowamangira chipinda china, khoma lawo lija lang'aluka, ndimaopa liwagwera

Mervis, 17:53
mwalemba mu group achimwene. ndawawerengera kale

Mervis, 18:10
angokhala pakhonde

Agogo Selestina, 18:26
🎤 Ine kumati ukufuna mkazi, kani umaopera ine. Usalire, bambo wanga. Chikombole chako ndinachitola madzi asanafike, chili pansi pa bedi. Loweruka ubwere ndikakulozere pachulu pamene malemu agogo ako aamuna anaumba njerwa za nyumba ino, pamenepo madzi safika. Ine ndiziyamba ndagona kwa Mervis, mvula ya chaka chino khomalo lionere lokha. Ndipo usakwere kabaza msewu uli woterera, wamva?

Overtone, 18:40
ndamva agogo

Agogo Selestina, 18:42
🎤 Mervis, akuti chiyani? Werenganso.