Boti la msana wa kamba

Chawama, Lusaka
14 Ogasiti 1994

Okondedwa amalume a Sultan,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Nkhotakota. Ife kuno tilipo, kungoti fumbi lachuluka.

Kampani yathu yopanga maboti boma linaigulitsa. Bwana watsopano akufuna maboti othamanga onyamula alendo ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, ndipo anandipatsa chojambula kuti ndipange chikombole choumbira mabotiwo. Inu munandiphunzitsa kuti mlomo wa boti, m'mphepete mwake mwa pamwamba, umakwera kutsogolo ndi kumbuyo, pakati n'kutsika. Pa chojambulacho unali wokwera pakati ngati msana wa kamba. Ndinayesa wojambula walakwitsa, choncho ndinakonza mwakachetechete monga mukanachitira inu.

Bwana ataona anati, "Ba Nassoro, anakuuzani ndani? Pakati pakwere kuti alendo azikhala momasuka, kutsogolo kutsike kuti woyendetsa aziona njira!" Ntchito ya milungu itatu inapita pachabe. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndipange china. Anzanga asanu anawachotsa kale ntchito.

Kale ndikanafunsa ndisanadule thabwa. Chimwalirireni mkazi wanga Mwanaima, kufunsa kumandilemera.

Mwana wanga Hafswa, mdzukulu wanu, ali mu giredi 6 ndipo akuphunzira bwino. Amatiphikira yekha, sadandaula. Chikombole chachiwiri chikapanda kukondweretsa bwana, kaya m'nyumba ya atsikana kwanuko mungapezeke malo a mphasa imodzi. Sindinamuuze kanthu. Poyankha musatchule dzina lake, chifukwa makalata anga amatsegula ndi iyeyo.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Nassoro