Lole ya Adada Ikuchedwa Kukhota

Lamlungu, 20 Okutobala

Adada anena kuti sadzakhudzanso chiwongolero. Anena pamaso pa Amama titangobwera kutchalitchi, ndi mawu awo aja osabwezeka.

Ndilembe bwinobwino mmene zayambira. Chidwalireni sitiroko chaka chatha, dzanja lawo lamanzere limachedwa. Kuchipatala anati azilichititsa masewera tsiku ndi tsiku, koma zofinya kampira zija Adada ankati n'zachibwana. Munthu woti wakhala akukwera mapiri a ku Mzuzu ndi lole yodzaza usipa moyo wake wonse. Ndiye achimwene Lumbani atabwera kuchokera ku Joni mu Ogasiti, anabweretsa chiwongolero cha pulasitiki ndi gemu yoyendetsa malole. Anaiika mu seva yawo, kompyuta yakuda ija ya pabalaza yomwe imasunga zithunzi zathu ndi nyimbo za kwaya ya Amama. Adada anaikonda mpaka tiyi ankazizira pambali.

Koma masiku ano lole ikungogwera m'ngalande. Akakhotetsa, iyo imapitirira kaye, kukhota kumabwera pambuyo. Lero agunda basi. Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, kenako anati, "Likufa ili. Ndikuliona ndekha." Aimbira a Paston, mnzawo wa pa siteji ya maminibasi, kuti Loweruka adzatenge chiwongolero akapatse adzukulu awo. Kampira kaja nakonso akaponya kuseri kwa kabati.

Ine ndinangozembera kukhitchini. Monga mwa nthawi zonse.

Lolemba, 21 Okutobala

Si dzanja la Adada!

Masana atagona, ndinatseka chitseko n'kukhala pampando wawo. Koyamba kugwira chiwongolerocho, ngati ndikuba. Manja anga ndi abwinobwino, ndimalowetsa ulusi pasingano osaphonya. Ndakhotetsa kumanzere, lole yayamba kaye yaganiza. Ndagunda mpanda. Ndabwerera, ndagunda chikwangwani. Chithunzi pa TV chikuchita kudumphadumpha ngati munthu wotsimphina. Sindinasangalalepo chonchi ndi ngozi.

Ndatumizira achimwene L. mawu pafoni. Ndinafufuta kangapo ndisanatumize. Ayankha akuseka: "Iwe Temwa, wayamba kuyendetsa malole? Laisensi unagula kwa ndani?"

Kenako andifotokozera. Akuti gemu siyenda mu seva mwenimweni. M'kati mwa seva muli kompyuta ina yosaoneka ndi maso, dzina lake vi-emu, imene ili ngati munthu wa lendi m'nyumba ya eni. Mwini nyumba akamupatsa kachipinda kakang'ono ndi chidebe chobooka, ntchito yake imachedwa. Iwo sangathe kulowamo ali ku Joni chifukwa intaneti yathu ndi ya pafoni, imangoduka. "Ndiye manja anga ndiwe," atero. Ine, wolekezera Sitandade 7.

Madzulo ndinayesa kuwauza Adada. Ndinangofika pa "mwina ndi makinawa" basi. Anati, "Usandinyengerere ngati mwana, mama."

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndalowa m'kati mwa seva. Ndalowadi.

Umatsegula laputopu yakale ija, n'kulemba manambala omwe L. ananditumizira, tsamba n'kubwera. Chizungu chokhachokha. Ndisanasinthe chilichonse ndimayamba ndajambula tsambalo ndi foni, kuti zikavuta ndibwezere mmene zinalili. L. akuti, "Ukuopa chiyani, si bomba ilo." Iwo akunena ali kutali.

Choyamba ramu. Akuti ndi tebulo lomwe wa lendi uja amayalapo ntchito yake. Linali laling'ono, ndalikulitsa. Chachiwiri makoo, omwe ali ngati manja ogwira ntchito. Anali awiri okha, ena onse seva inangowasunga osagwira kanthu, ndiye ndamuwonjezera. Chachitatu panali kabokosi koti ndisankhemo mawu oti host, kuti vi-emu izigwiritsa ntchito ubongo weniweni wa seva, osati woyerekeza. Ndinawerenga zilembozo chimodzichimodzi ndi chala ndisanadine.

Nditazimitsa n'kuyatsanso, TV inakhala yakuda nthawi yaitali. Ndinayamba kupemphera chamumtima. Kenako lole inabwera.

Zasinthako. Kutsimphina kwachepa, koma sikunathe. Amama anandipeza ndikumwetulira ndekha, akuti, "Kodi pali mnyamata mu kompyutamo?"

Lachitatu, 23 Okutobala

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Kutentha koopsa. Adada akhala pakhonde tsiku lonse, dzanja lija alibisa m'thumba la jekete, m'dzuwa lonseli.

Lachinayi, 24 Okutobala

M'mawa zinali zokoma, madzulo ano sindikufuna n'kudya komwe.

Ndiyambe ndi zokomazo. L. anati tione khadi la zithunzi, chitsulo chomwe chimajambula msewu ndi mitengo ya mu gemu. Seva inalipereka kale kwa wa lendi, koma wa lendiyo sankalizindikira, pambali pa dzina lake panali kachizindikiro kachikasu. Pamafunika kapulogalamu kotchedwa dalaivala. Ndinaseka ndekha, dalaivala winanso m'nyumba muno. Ndinapita mpaka kumtunda kwa msika komwe netiweki imagwira bwino, ndinaima pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa mpaka kanatsika konse m'foni. Wina anandifunsa ngati ndikudikira sitima ya Ilala.

Nditakaika, ee. Msewu unasalala ngati madzi. Ndikangogwedeza chiwongolero pang'ono, lole yamva kale. Ndinaona ngakhale mithunzi ya mitengo ikudutsa pagalasi, zomwe kale kunalibe. Ndinazimitsa, ndinathamangira kwa Amama kukhitchini.

Amama ndi amene anawanyengerera Adada titadya masana. "Mwanayu wavutika sabata yonse, mungokhalapo pang'ono." Anakhala, nkhope ili gwa. Anatuluka bwinobwino pa depoti. Anakhota pa mphambano osagunda kanthu. Anadutsa mlatho. Anayamba kuimba kamluzu kaja ankaimba akamatsuka lole. Ine kumbuyo kwawo ndaluma chala.

Patapita kanthawi chithunzi chinayamba kugwiragwira. Ndinaona ine iwo asanaone. Pa kona yotsetsereka anakhotetsa nthawi yake, ndinaona ndi maso angawa, koma lole inapitirira n'kugubuduka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Waona? Limayamba bwino, kenako limatopa." Anatenga ndodo yawo n'kutuluka.

Ndalira kubafa. Ndawonjezera bala.

Komabe mawu awo aja akundizungulira m'mutu. Kuyamba bwino, kenako kutopa. M'mawa bwino, masana zovuta. Ndili mwana Adada ankakonda kusimba za phiri la pa msewu wa ku Mzuzu, kuti lole siifa mwadzidzidzi, imayamba yatha mphamvu pang'onopang'ono, ukaona nthunzi ndiye kuti yawira kalekale. Kodi kompyuta imawira?

Lachisanu, 25 Okutobala

Imawira!

Ndinaiyatsa, ndinayendetsa mpaka kutsimphina kunayamba, ndiye ndinapisa dzanja pansi pa nsalu kukhudza chitsulo chake. Ngati simbi ya makala. L. anandipatsa mawu oti ndilembe kuti seva inene kutentha kwake. Inati 96. Iwo akuti ikamagwira ntchito bwino siyenera kupitirira 70 kwambiri, ndipo ikatentha chonchi imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse.

Kenako anafunsa, "Nsalu yake iti imene ukunenayo? Tajambula ndione."

Ndinajambula. Kenako panabwera mawu aatali, kuseka kokhakokha mpaka kutsokomola, ndi anzawo a kuntchito akuseka nawo kumbuyo.

Nkhani yake ndi iyi. Iwo atangobwerera ku Joni, kunabwera nkhungu, tizilombo touluka tija tochokera kunyanja, zinadzaza nyumba yonse mpaka m'makapu. Ine poopa kuti zilowa mu seva, ndinatenga chitenje changa chatsopano cha Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, ndinachipinda pawiri, ndinaifunditsa mbali zonse n'kupisira makona pansi ngati poyala bedi la alendo. Amama anaona kuti zakongola, anaikapo kansalu koluka ndi botolo la maluwa a pulasitiki pamwamba. Chinthu chodula m'nyumba muno timachifunditsa, TV, wailesi, makina osokera. Tsiku lililonse ndimakonza makona aja kuti mphepo isalowe ngakhale pang'ono.

"Mlongo wanga," akutero L., "waifunditsa ngati khanda, mu Okutobala, ku Nkhata Bay."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma chisangalalo chinaposa. Ndinazula waya wa magetsi, ndinamasula zomangira za m'mbali n'kuziika m'sosala kuti zisasowe. M'kati, mafani onse oziziritsa anali atamatidwa ndi nkhungu zouma zosakanikirana ndi fumbi. Zinalowa kale ndisanafunditse, ine n'kuzitsekera momwemo. Ndachotsa ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono, ndapemerera ndi pampu ya njinga nditagwira fani ndi chala kuti isazungulire, monga anandiuzira. Zinadzaza dzanja. Amama akuti, "Zikanakhala zaziwisi tikanapeza ndiwo."

Sevayo ndaichotsa pakona, ndaiika pa situlu pafupi ndi windo. Tsopano ikunena 64. Ndayendetsa masana onse dzuwa lili pamutu, kudutsa kona ija inagwetsa Adada, osatsimphina ngakhale kamodzi.

Ndinapita pakhonde. "Adada, ndapeza chimene chimavuta." Sanatembenuke. "Dzulo unateronso. Paston akubwera mawa."

Sangakhalenso pampando uja chifukwa cha mawu anga. Afunika aone munthu wa manja awiri abwino akugwa. Ndafunsa L. ngati seva ingafe ndikaifunditsanso kanthawi kochepa. Akuti siifa, imadziteteza, bola ndisachedwe. Kenako akuti, "Ukufuna kuchita chiyani iwe?"

Loweruka, 26 Okutobala



Seva ndinaiyatsa tisanadye masana, gemu ili m'kati, n'kuifunditsa chitenje chija. Makona onse, ngati kale. Mumtima ndinkaipepesa.

A Paston anafika ndi jumbo lalikulu lonyamulira chiwongolero. Anakhala, anamwa madzi, anadandaula za mafuta. Atayamba kuyang'ana pomasulira mawaya, ndinamva mawu anga akutuluka okha: "A Paston, muyese kaye musananyamule. Mwina n'chowonongeka, mungakakhumudwitse ana."

Onse anandiyang'ana. Sindikumbuka ngati ndinayamba ndalankhulapo ndi a Paston kupitirira moni.

"Ine kuyesa kachidole aka?" anatero, koma anali atakhala kale pampando. Anatembenukira kwa Adada. "Lyton, taona mmene amayendetsera anthu a maminibasi. Inu a malole mumangodziwa kutseka msewu."

Adada anaima pakhomo, atatsamira ndodo.

A Paston anagunda geti la depoti asanatuluke n'komwe. Anati sanazolowere. Pa mphambano anakwera pa kapinga. Anavula chipewa. Pa mlatho anakhotetsa, lole inaganiza kaye, kenako inapita m'madzi ndi katundu yense.

"Kodi Paston," anatero Adada ali pakhomo pomwepo, "nawenso unadwala sitiroko osatiuza?"

"Chili ndi ufiti ichi. Ndakhota ine, mwaona nonse kuti ndakhota."

"Taona. Anthu ako onse amira."

Pamenepo ndinapita n'kuvundukula chitenje. Ndinatembenuzira laputopu kwa Adada kuti aone nambala, 94, koma sanaiyang'ane n'komwe. Anabwera pang'onopang'ono, anaika chikhatho pa chitsulo, n'kuchichotsa msanga.

"Yawira," anatero. Anawerama kuyang'ana timabowo ta mphepo, kenako chitenje chili m'manja mwanga. "Ndani amayendetsa galimoto atafunditsa rediyeta?"

"Ndine, Adada. Ndimaopa nkhungu."

"Kuyambira liti?"

"Chichokereni achimwene."

Ndinaona akuwerengera m'mutu, nthawi yomwe lole inayamba kuwagwetsa. Anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba, analitembenuza, anafumbata, anatambasula.

A Paston anafuna kuyambiranso kuti achotse manyazi. Adada anawaletsa ndi ndodo. "Injini yotentha saithamangitsa. N'chifukwa chake maminibasi anu amafera m'njira." Tinadikira tonse, Amama akupemerera seva ndi chivindikiro cha poto, ine ndikuwerenga nambala mokweza ikamatsika. Itafika m'ma 60 ndinati yazizira.

"Tachoka apo, Paston," anatero Adada.

Anakhala. Anakonza mpando, anapukuta manja pa thalauza. Anatuluka pa depoti osakhudza geti. Dzanja lija likuchedwabe pang'ono, ndinaliona, koma amayamba kukhota msanga kuti alipatse mpata, ndipo lole imamvera pomwepo. Mlatho anadutsa. Kona yotsetsereka ija anaitenga ngati akusenda nthochi.

A Paston anapinda jumbo lawo n'kulikhalira.

Ndinati ndizembere kukhitchini, koma Adada analankhula maso ali pa msewu. "Makaniko, ukupita kuti? Tenga mpando ukhale apa. Uziyang'ana geji yakoyo, ikakwera undiuze. Ulendowu ndi wautali."