Mwini Nyumba Ali m'Matewela

Okondedwa alongo anga a Gideon,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe? Alamu anga a Tamara ali bwanji, nanga ana? Bondo lija linkakuvutani linapola? Kuno ku Nyimba tilipo. Amai akudya bwino, mutu uja unawasiya. Wodwala ndine, koma matenda anga si a kuchipatala. Matenda anga ndi nyumba ya lendi ija anatisiyila atate.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni simundimva. Ndikangoyamba kufotokoza, inu basi ndi kumvana chabe, Eneless, kumvana chabe, kenaka ati netiweki yavuta. Pepala lilibe netiweki. Muwelenge mpaka kumapeto.

Inu kumeneko anzanu amakutchulani a landilodi, inu nkumamwetulila. Koma chimbudzi chikadzala, amene amagogodeledwa ndine. Kiyi ikatayika, Eneless. Ana akamenyana pampopi, Eneless. Wina anafika pondiitana kuti ndikaweluze mlandu wa mphaka amene anadya kapenta wa mnzake. Zonsezo ndinazolowela. Pa zitseko zitatu zija, chapakati ndicho chandikulila.

M'menemo mumakhala a Luckson Daka ndi akazi awo a Rabecca. Simuwadziwa, analowa chaka chatha. Munthu waulemu, akakuona patali wavula kale chisoti. Pofuna nyumba anati amagulitsa pamsika. Sananame. Chimene sananene n'chakuti amagulitsa nkhuku, ndipo nkhukuzo aziziweta kuchipinda chogona.

Inde alongo, kuchipinda! Mabuloila, aja oyela osadziwa kuyenda, ongodziwa kudya. Iwo ndi akazi awo anasamukila pabalaza, nkhuku nkupatsidwa chipinda chimene atate anapaka laimu ndi manja awo. Ine ndinadziwa chifukwa cha aphunzitsi a pachitseko choyamba. Anabwela atatseka mphuno ndi chitenje, ati ndipite ndikanunkhize nyumba yanga.

Nditalowa, ngakhale poponda panalibe. Utuchi wonyowa, zitosi, madzi otayika m'zomwela tsiku ndi tsiku. Simenti ya pansi inafumbutuka. Ndipo mukumbuke kuti atate anamanga ndi njelwa zootcha koma pakati anaika dothi. Dothilo lamwa madzi mpaka kukhuta. Khoma la kumbuyo, lija limagwila chipinda ndi pabalaza pomwe, lang'aluka kuyambila pansi mpaka kumalata. Dzanja langa limalowa lonse.

Ndinaitana a Josphat, mmisili uja anatikonzela khonde. Anagogoda khoma, nkupukusa mutu. Anati mvula ikalimenya bwinobwino ligwa, ndipo sangaligwile anthu ali m'kati, chifukwa pafunika kusasula malata, kuligwetsa ndi kulimanganso.

Ndinawapatsa notisi a Daka, mwaulemu, pamaso pa mboni. Sanakane. Anangopempha kuti ndidikile a Rabecca achile, popeza anali woyembekezela, masiku atatha kale. Ine ndi mtima wanga wopusawu ndinavomela. Ndani angatulutse mai wotopa chotelo?

Anachila bwino, mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, tinangoona a Daka ndi akazi awo atulukila pakhomo pathu, avala za kutchalitchi, nkhuku ziwili kumanja, zoleledwa m'chipinda chathu chomwe. Ine ndinati abwela kudzatsazika. Ha! Anandipitilila ngati mtengo, nkukagwada pamaso pa amai. Anati makolo awo ali kutali ku Kaumbwe, kuno alibe wamkulu wina, amai ndiwo makolo awo. Anawaika khanda pamiyendo, nkupempha kuti alipatse dzina.

Alongo, ndinawatsinzinila amai. Ndinakhosomola. Ndinagwetsa dala mbale. Ayi ndithu, amai anangoliyang'anitsitsa khanda lija, misozi ili mbwembwembwe, nkunena kuti dzina lake ndi Stanislaus.

Dzina la atate athu!

Kuyambila tsiku limenelo ine ndilibe mau. Amai akangodzuka amatenga ndodo yawo, ati akukaona amuna awo. Amakakhala m'fungo muja mpaka dzuwa pamutu, kuliuza khanda nkhani za kumunda ndi za anthu amene anamwalila kalekale. Ndikati khanda la a Daka amandidzudzula, ati amenewo ndi atate ako, uzilankhula mwaulemu. A Daka nawo anasiya kunditchula a landilodi, tsopano ndine alongo awo.

Mwezi utatha ndinapita kukawakumbutsa za notisi. Anandilandila ndi manja awili, analowa m'nyumba, natuluka atanyamula mwana. Anamuloza kwa ine, nkumuuza kuti a Stanislaus onani, mwana wanu wabwela kudzakuthamangitsani. Azimai onse pampopi kuseka, wina mpaka kutaya ndowa. Ine ndinabwelela ndi manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

Nkhani inandipitilila panjila, ndinapeza yafika kale kunyumba. Amai anandikhazika pansi. Anati mwini nyumba wabwelela m'nyumba yake, ine ndine ndani kuti ndimutulutse? Pamenepo mtima unandikwela. Ndinawayankha kuti atate tinawaika ku Minga, ndinalipo, dothi ndinathila, uyu ndi mwana wa munthu wogulitsa nkhuku. Sanadye tsiku lonse. Wopepesa ndinali ine, chogwada.

Musandifunse ngati a Daka anachita dala. Sindidziwa. Tsiku lina ndimati munthuyu ndi wochenjela kuposa tonse. Tsiku lina ndimaona mmene a Rabecca amawatikitila amai miyendo ndi madzi otentha, chinthu chimene ana anga sanachitepo, ndiye ndimasokonezeka. Koma kaya ndi dala kaya si dala, khoma lija silikudikila.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinayenda ndi miyendo yangayi kuwafunila nyumba ina kuseli kwa msika. Ati eni ake akana nkhuku. Eya, eni ake ali ndi nzelu! Ndinati agulitse nkhukuzo, ati zikhwima pa Khisimasi. Ndinati asamukile pachitseko choyamba kuti a Josphat agwile ntchito, popeza aphunzitsi aja anatopa ndi fungo nkutuluka. Amai ndiwo anakana, ati amuna awo sangachoke pakati pa nyumba kupita kumphepete ngati mlendo. A Daka nkumangoti iwo sangatsutse makolo. Chitsekocho chili chotseka mpaka lelo, aliyense wobwela kudzaona nyumba amabwelela pageti atagwila mphuno.

Ndiye mailo masana inagwa mvula yoyamba, yamphepo. Ndinathamanga wopanda ambulela, chitenje kumanja. A Daka anali kumsika. Ndinapeza a Rabecca akutchela mabeseni, mwana ali gone pamatilesi, pansi penipeni pa mng'alu. Madzi akutsika khoma, dothi likuyoyokela pabulangeti lake.

Sindinafunse munthu. Ndinamunyamula, nkuwauza a Rabecca kuti atenge matewela anditsate. Panjila kamwana kanayamba kulila, mvula ikutimenya, ine ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti pepani atate, tafika, tafika. Alongo, ndadzikwiyila mpaka tsopano.

Mmene zililimu ndi motele. A Rabecca ndi mwana akugona pabedi langa. Ine ndikugona pamphasa kuchipinda kwa amai, msana wonse kuwawa. A Daka atsala momwemo ndi nkhuku zawo, ati sangazisiye zokha, kuli akuba. Amai ndiye chisangalalo, ati amuna awo abwela kudzawachezela, ndipo mvula ikakata abwelele kunyumba kwawo. Kunyumba kwawo kumene kukugwako! Pamene ndikulembamu mitambo yadelanso.

Chonde bwelani. Musatumize mau, musatumize ndalama za pafoni, mubwele inuyo ndi thupi lanu. Amai amamvela inu. Ine ndikanena kuti khoma ligwa, ati ndine wouma mtima, ndikufuna anthu a lendi olemela. Inu mukanena zomwezo adzati mwana wanga waona patali. Zimandiwawa, koma ndavomela, bola nyumba ipulumuke. Mudzawatengele pakhoma paja, mulowetse dzanja lanu iwo akuona. Mukatelo mukhale pansi ndi a Daka, amuna okhaokha, nkhuku zituluke, iwonso atuluke, a Josphat ayambe.

Likagwa munthu ali m'kati, apolisi sadzakwela basi kukufunani ku Kitwe. Adzanyamula ine. Ndipo malilo ake amai sadzawapilila, chifukwa kwa iwo kudzakhala kuika atate kachiwili. Ngati simubwela mwezi uno usanathe, makiyi onse ndiwamanga m'kathumba ndiwapatse kondakita wa basi, nyumba yanu muziiyendetsa nokha.

Ndipo mufulumile. Lelo m'mawa kunabwela a Misozi, a pachitseko chachitatu, amenenso pathupi payamba kuoneka. Abweletsa mango m'mbale, ati n'za amai. Sanayambe atipatsapo ngakhale mchele. Potuluka anandikokela pambali, nkundifunsa monong'ona kuti kodi malemu ambuye athu, amai awo a amai, dzina lawo anali ndani.

Mulungu akusungeni kuntchito, akupatseni ulendo wabwino. Mundipelekele moni kwa alamu anga, muwauze asakukanizeni kubwela. Ana muwapatse moni aliyense payekha. Akafunsa za kuno, muwauze kuti ambuye awo aakazi ali bwino, ambuye awo aamuna nawonso ali bwino, m'mimba mokha ndimo mukuwavuta akayamwa.

Ine mlongo wanu wotopa,
Eneless